Mfuti ya Gemu Yopakidwa Penti Yakuda

Galimoto ya apolisi a kuboma inali kubwera Lachinayi m'mawa, ndipo Sabiha ankadziwa kuti ikangomunyamula mwamuna wake, basi zatha. Mlandu wa mfuti ulibe belo. Munthu amakaolera kurimandi, mvula n'kugwa, n'kukata, n'kugwanso, mlandu osalowa m'khoti. Nanga Uthman wakeyo, munthu wa shuga, maso ochita nkhungu kale, akanatha miyezi ingati kumeneko?

Tsono mfuti yakeyo mukanaiona, abale inu! Inali pa tebulo la a Sajeni Mphepo Lachitatu m'mawa, matope atauma pachigwiriro. Inali mfuti ya gemu, ya pulasitiki, ija ana amawombera mbalame zouluka pa TV. Wina anaidula chingwe n'kuipaka penti yakuda ya njinga, moti kuiona patali, mvula ili mkati, mtima ukhoza kukuima ndithu.

"Bwana, imeneyo si yathu," anatero Sabiha ali chiimire, mpando ataukana. "Ndipatseni ndiitsekule muone."

"Mayi, umboni sagwiragwira," a Sajeni anayankha motopa. Anali munthu wosakonda phokoso, koma phokoso linali litawapeza. "Dzulo masana munthu wovala thumba kumutu waimitsa ngolo padambo, waloza woyendetsa ndi chinthu ichi, watenga feteleza yense wa makuponi wa amayi amasiye. Pa Chamama pano amene mumagwira zinthu zimenezi ndinu. Anthu atabwera kushopu kwanu madzulo, pamsomali pomwe mumakoleka yanu panalibe kanthu. Amuna anu anali panjinga, njira yomweyo. Inu mukanakhala ine mukanatani?"

"Anapita kukatchajitsa batire. Ndipo mfuti yathu inali pamsomali mpaka pomwe chigulu chija chinalowa. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Maso a mkazi wake," a Sajeni anatero, n'kupukusa mutu. "Sindikuti mukunama. Ndibweretsereni chogwirika galimoto isanafike."

Sabiha akutuluka, anamva mawu ofooka pakazenera ka chitolokosi. Anali Uthman.

"Amake Esime, tsekani shopu. Tengani mwana mupite kwa achemwali anu ku Chisemphere. Anthu akwiya."

"Sindipita kulikonse, bambo a Esime," anayankha mokweza dala, kuti onse amene anakhala pakhonde la polisi amve. "Mchombo wanga unagwera pa Chamama pano. Athawe okubawo."

Ndipo anapitadi kushopu n'kutsekula zitseko zonse ziwiri bwankhu, galasi losweka ndi mwala wa dzulo lija n'kulisesa pamaso pa msika wonse.

Shopu yake sinali yoti n'kuchitira nsanje. Munali TV yakale ya chitumbo, batire ya galimoto, mabenchi, ndi timakina ta gemu tija azungu anataya kalekale, tobwera m'mabelo a kaunjika pamodzi ndi nsapato. Uthman ndiye ankagula ndi kugulitsa. Koma kuyambira pomwe maso ake anayamba kuvuta, wokonza anali Sabiha. Padi ikaleka kumvera, iye ankaitsekula, n'kupukuta mkati ndi sipiliti, n'kudetsa pogunda mabatani ndi pensulo. Tepi ya gemu ikakana, ankaichapa mano ndi kathonje. Chingwe akachidya makoswe, ankatenthetsa msomali pambaula n'kuwotcherera.

Sipeya wa zinthu zimenezi kunalibe, ngakhale ku Kasungu boma. Choncho Sabiha anali ndi lamulo lake limene msika wonse unkalidziwa: wabweretsa chothyoka, upereke wekha chokonzera. Wina ankadula kachidutswa ka patapata yake kuti kakhale labala ya batani, wina ankapereka sipulingi ya bolopeni, wina waya wa ambulera. Anthu ankaseka, amvekere amake Esime ndi aumbombo, koma zinthu zinkagwira.

Mfuti za gemu m'dera lonselo zinalipo zitatu, zonse zotuwa, zonse zinadutsapo m'manja mwake. Ina yapashopu, ina ya Simeon wa vidiyo, ina ya ana a a Duncan, tcheya wa kalabu ya alimi, amene dzulo lake anatsogolera chigulu chija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sabiha anamanga mpango wake bwino, nayamba ndi Simeon.

*

Simeon anamuona akubwera ndipo anayesa kuzemba kuseri kwa jenereta, koma anachedwa.

"Aaa, masteni, musandiike m'zinthu! Ine zanga zili bho, sindifuna zambiri. Anthu akandiona ndi inu pano andiphwanyira sikirini."

"Mfuti yako ili kuti?"

Mnyamatayo analowa m'katoni mpaka m'mapewa, natulutsa mfuti yotuwa ndi fumbi, akangaude atamanga pakamwa pake.

"Iyi apa. Chigulireni TV yopyapyala ija sinawomberepo mbalame. Si inu nomwe munandiuza kuti mfutiyo ilibe vuto, imangofuna TV ya chitumbo? Ndinangoiponya umu." Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Ndipo kwa a Tcheya musavutike n'kupitako. Yawo akhala akuionetsa pamsika kuyambira m'mamawa, akuti onani yanga iyi, yasowa ndi ya ndani? Yosowa ndi yanu yokha, masteni. Pepani."

Sabiha anawerenga ndi zala. Zitatu zinalipo, ziwiri zili m'manja mwa eni ake, yachitatu ili pa tebulo la polisi. Mwana wa Sitandade Wanu akanawerengera n'kumumanga Uthman. Koma iye anaiona mfuti ija pamsomali, anaiona!

*

A Tsoka, oyendetsa ngolo aja, anawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Atamuzindikira anadzambatuka.

"Iwe! Mkazi wa mbava! Wabwera kudzandimaliza?"

"Ndabwera kudzakuonani, agogo. Mwagona bwanji?"

Nkhalambayo inkafuna kukwiya, koma inkafunanso kufotokoza, ndipo kufotokozako ndiko kunapambana.

"Pali Mulungu, ine imfa ndaiona. Tafola kudepoti kuja mpaka miyendo kutupa, feteleza wake wobereketsa wobwera mochedwa chonchi, chimanga chitayamba kale chikasu. Takweza. Ndafika padambo, mvula yayamba. Ndangoona thumba latulukira m'bango, thumba la miyendo! Lachita kundiloza pamphumi penipeni. Ine phazi thandize. Nditacheuka ndaona chakuda chija chagwa m'matope pomwe iye amakwera ngolo."

"Analankhula?"

"Ngakhale kutsokomola. Anangoimba kakhweru kawiri, ng'ombe n'kunyamuka." A Tsoka anamuloza ndi chala. "Pamenepo ndi pomwe ndinadziwira kuti ndi inu amalonda, anthu a zitsamba. Sikochi uja, ng'ombe yamakani ija, sayenda ndi mlendo. Mlendo akagwira chingwe, iye amagona pansi, kaya umumenye kaya umupotokole mchira. Koma dzulo anachita kuthamanga ngati akupita kukhola. Si mankhwala amenewo?"

"Ng'ombezo ndi zanu?"

"Zanga ndizitenga kuti? Ndi za mayi Fainala, anawasiyira malemu amuna awo. Ine ndimangoyendetsa. Iwowo ndiwo mkulu wa amasiye aberedwawa. Kawafunse, nawonso analiona thumbalo. Anatsogola wapansi njira yachidule, n'kukumana nayo ngolo ikulowera kolakwika."

Sabiha anaimirira. Mwamuna wake chibadwire sanagwirepo chingwe cha ng'ombe, ngakhale mbuzi ankachita kuilambalala.

"Apolisi munawauza za mayi Fainala?"

"Anandifunsa?"

*

Mayi Fainala anali m'munda mwawo, akubandira chimanga chimene chinkaoneka kuti chataya kale mtima. Masamba onse anali achikasu, mapesi oonda ngati bango. Analandira moni osaweramuka.

"Amayi, akuti munakumana nayo ngolo."

"Ndinakumana ndi mvula, mwana wanga. Maso angawa ndi akale."

"Mwamuna wanga akupita kundende mawa. Ali ndi shuga. Akapita, adzabwerako m'bokosi. Ine sindikupemphani chifundo, ndikupemphani zomwe munaona."

Khasu linaima. Gogoyo anayang'ana chimanga chake nthawi yaitali, kenako analankhula pang'onopang'ono ngati mawuwo akuwazula pansi.

"Kanjira kaja n'kopapatiza. Ine ndikutsika, ngolo ikukwera. Ng'ombe ndinazidziwa, nanga si zanga. Pamwamba pali munthu wa thumba kumutu. Ndinati lero ndafa, andiponda. Koma iye atangondiona analumpha pansi, anakokera ng'ombe m'tchire, iye n'kunjuta potero, nkhope atalozetsa kumbali, mpaka ine nditadutsa." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Wakuba waulemu, mwana wanga."

Apa Sabiha anazindikira. Mwana aliyense wokulira kuno amadziwa mwamuna amene amapatuka m'njira n'kunjuta, osafuna kuonana maso ndi mayi wachikulire. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake saganiza, miyendo imachita yokha. Munthu akhoza kubisa nkhope m'thumba, koma chizolowezi cha zaka zonse zija angachibise pati?

"Amayi, m'dziko lonse lino, amuna amene amakupatukirani chomwecho alipo angati?"

"Ana anga onse anatha," mayi Fainala anatero. "Anatsala Olive yekha. Ndi iyeyo amandipatsa madzi ndikadwala, ndipo amene amamudyetsa iye ndi ana ake ndi bambo a Thoko, a Tcheya anuwo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukufuna ndiphwanye mkhate wanga ndekha?"

"Ndiye afe wanga?"

"Ine sindinaone nkhope," gogoyo anatero, nayambanso kulima. "Ndipo kupolisi sindipitako."

*

Kunena zoona, Sabiha analira panjira. Analira ndi mkwiyo, osati chisoni, ndipo pofika pakhomo pa a Duncan misozi inali itauma.

Olive, mkazi wa a Duncan, anali m'chigafa akusoka fodya woyamba kuthyola, masamba apansi aja, manja ali bii ndi utomoni. Ankati akakoka chingwe, chibangili chabuluu cha pulasitiki, chodukira mbali imodzi, chinkatsetsereka pamkono pake. Anali mayi wofatsa, wolankhula ngati akupepesa, ndipo atamuona Sabiha anachita manyazi.

"Amake Esime, pepani ndi zomwe zachitika. Ine sindikhulupirira ayi, koma nanga ine ndine ndani."

"Ndangobwera kudzaona mfuti ya ana ija, amake Thoko. Ndinaikonza ndine. Ndione ngati ikugwirabe."

"Aa, imeneyo yatipatsa mavuto. Inasowa masiku apitawa, ana kulira nyumba yonse. Dzulo madzulo ndi pomwe bambo awo anaipeza kuseri kwa kabati." Olive anaima pang'ono. "Chonsecho ine ndinasesako kuseriko."

Analowa m'nyumba, nabwera nayo. Inali yotuwa bwinobwino, chingwe chake chathunthu. Sabiha anaigwira, naika chala pachokhethemulira, nakoka. Chinali cholimba, ndipo pobwerera chinamveka kuti khe, ngati kamwala kagunda m'kapu. Anakokanso. Khe.

Mayo ine! Phokoso limenelo ankalimva tsiku ndi tsiku m'shopu mwake, mpaka kumalota nalo.

"Siyani chimenecho!"

Anali a Duncan, atatulukira pakati pa mikangala yopachikapo fodya, jekete lawo la misonkhano lili paphewa. Anali munthu wa thupi, wa mawu ozolowera kutsegula ndi kutseka zokambirana. Anaitsomphola mfuti ija m'manja mwake.

"Mwatha kubera amasiye, tsopano mwayamba kuyendera makomo? Tamverani mayi, anthu inu tinakulandirani. Mlendo ndi mame. Pofika Loweruka ndisakuoneni pamsika paja, apo ayi zimene achite anyamata ine ndilibe nazo mawu."

"Mlendo ndani, a Tcheya?" Sabiha anafunsa, osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. "Ine ndinabadwira kuseri kwa chigayo, bambo anga agona kumanda a pano. Inu pamudzi pano munabwera ndi kasutukesi kudzakwatira. Tikati aliyense abwerere kwawo, woyamba kumanga katundu ndi ndani?"

Olive anagwira pakamwa. Nkhope ya a Duncan inachita kutupa.

"Mfuti yanuyo mwaionetsa msika wonse," Sabiha anapitiriza. "Mawa m'mawa mukaionetsenso kupolisi, pamaso pa anthu. Kapena mukuopa?"

"Ndiope chiyani? Ndibwera nayo, ndipo ndidzaimirira pomwepo mwamuna wako akukwera galimoto."

Potuluka, Sabiha anacheuka kamodzi. Olive anali ataleka kusoka, akuyang'ana mwamuna wake.

*

Lachinayi kunacha ndi mitambo. Galimoto ya kuboma inafika matope mpaka m'magalasi, dalaivala osazimitsa injini, akuti akufuna adutse padambo mvula isanayambe. Anthu anadzaza bwalo la polisi. Amasiye aja anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Duncan anaima pakhonde, mfuti yotuwa ili m'manja, akugwirana chanza ndi aliyense. Olive anali kumbuyo kwawo, atadzifunditsa chitenje mpaka m'manja.

Uthman anamutulutsa ali ndi unyolo. Anali atatuwa milomo, ndipo ankaponda mofufuza chifukwa magalasi ake anasweka tsiku lomwe anamugwira lija.

Sabiha anadutsa pakati pa anthu, wina n'kumulavulira pafupi ndi phazi, iye osacheuka. Anaika pa tebulo la pakhonde sikuludiraiva yake yosula ku sipoko ya njinga.

"Bwana, munati umboni sagwiragwira. Sindigwira. Mutsekule nokha. Ine ndingonena zomwe zili mkati musanatsekule."

A Sajeni anayang'ana dalaivala, nayang'ana Uthman. "Nenani msanga."

"Nonse pano mumadziwa lamulo langa," Sabiha anatero, atatembenukira kwa anthu. "Sipeya ndilibe, mwini chinthu amapereka yekha chokonzera. Mfuti zimenezi zimathyoka malo amodzi, kamtengo kamene kamakankha chokhethemulira. Yathu yapashopu itathyoka, tasibihi ya bambo a Esime, mikanda yawo yopempherera ija, inali itangoduka. Ndinatengapo mkanda umodzi wobiriwira n'kuikamo. N'chifukwa chake imalira kuti khe. Tsekulani imene agwira a Tcheyayo."

"Zamisala!" a Duncan anatero, koma anthu onse anali akuwayang'ana, ndipo anaipereka.

A Sajeni anamasula tisikuluwu ndi zala zawo zikuluzikulu, mfuti n'kugawika pawiri. Kamkanda kobiriwira kanali pomwepo, komangidwa ndi kawaya. Analowa mu ofesi, natulutsa m'dirowa lamba ndi tasibihi zimene anamulanda Uthman pomutsekera, naika pambali pake. Mikanda yake inali yomweyo.

Bwalo linayamba kung'ung'udza. Koma a Duncan sanakhale tcheya zaka zonsezi pachabe.

"Abale, musapusitsidwe! Mfuti yangayi anaikonza ndi mayi yemweyu. Mkanda wa mwamuna wake akhoza kuuika m'chinthu cha aliyense. Ukutsimikiza chiyani?"

Ena anavomereza. Dalaivala analiza huta.

"Zoona, a Tcheya," Sabiha anatero. "Tsono titsekule yakudayo, imene mukuti ndi yathu. Mupezamo kachidutswa ka pulasitiki kabuluu, kokhota, kodulidwa ndi mpeni wotentha."

Penti inali itamata tisikuluwu, moti a Sajeni anachita kupala. Itatseguka, anatokosamo kachidutswa kabuluu, kokhota ngati chikhadabo, nakaika pachikhatho.

"Pulasitiki wabuluu!" a Duncan anaseka, ngakhale thukuta linali litayamba. "Ndowa zonse za pa Chamama n'zabuluu. Bwana, galimoto ikudikira."

Sabiha anayang'ana Olive. Tsiku lija mayiyu atabwera ndi mfuti ya ana ake analibe chopereka, ndipo anavula chibangili chake akuseka, nati dulani pano, bola ana asiye kundisokosa. Onse awiri ankalikumbukira tsikulo. Koma Olive anayang'ana pansi, manja ali m'chitenje, ndipo Sabiha anadziwa kuti alibe mphamvu yomuvula mkazi mnzake pagulu. Apa ndiye panathera nzeru zake zonse. Wapolisi wa kuboma anamugwira Uthman pamkono, nayamba kumutsogolera kugalimoto.

"Tadikirani."

Mawuwo anali ochepa, koma anthu anatembenuka. Mayi Fainala anali akubwera ndi ndodo yawo, matope mpaka m'maondo, atavala chitenje chawo cha kumunda chomwe chija. Sanapite kukakhala ndi amasiye anzawo. Analunjika pakhonde, pamasitepe pomwe panaima a Duncan.

Ndipo a Duncan, abale inu, a Tcheya athunthu ndi jekete lawo, miyendo inawachitira yokha. Anatsika pakhonde chambali, naponda m'matope, nanjuta, nkhope atalozetsa kutali.

Gogoyo anaima n'kuwayang'ana.

"Ndi momwemo," anatero. "Ndi momwemo anandipatukira padambo paja, thumba lili kumutu, feteleza wanga ali pangolo. Ulemu wake ndi womwewu." Anatembenukira kwa Olive. "Olive, mwana wanga, usiku wonse ndakhala ndikukusungira mkhate wako. Koma mkazi wa bambo womangidwayu akulira ngati mmene ndinalirira ine bambo ako. Ndalephera."

Olive anatulutsa mkono m'chitenje, navula chibangili chija, nachiika pa tebulo. A Sajeni anatenga kachidutswa kaja n'kukagunditsa podukapo. Kanakhala ngati sikanachokepo.

"Feteleza ali m'dzenje la jeke yodindira fodya, kuseri kwa chigafa," Olive anatero motsitsa, akuyang'ana amayi ake. "Ndinamva fungo dzulo. Anavundikira ndi mapesi."

Zimene zinatsatira n'zosachita kufunsa. Amene anaponya mwala pagalasi la shopu ndi omwewo anayamba kukuwa kuti awotchedwe, mpaka a Sajeni anachita kuwalowetsa a Duncan m'galimoto mothamanga kuti awapulumutse. Unyolo unachoka m'manja mwa Uthman n'kupita m'manja ena. Galimoto inanyamuka ndi mkaidi ndithu, koma osati amene inabwera kudzatenga.

Sabiha sanasangalale monga ankaganizira. Anaona Olive akugwira amayi ake padzanja, mkono uli wopanda kanthu, awiriwo akulowera njira ya kudambo popanda wowaperekeza. Anafuna kuwathamangira, koma akanati chiyani? Anangotola sikuludiraiva yake, naveka mwamuna wake lamba, namupatsa tasibihi m'manja.

Anthu anali akadali thithithi pakati pa polisi ndi msika, ena akukanda m'mutu, ena akuyang'ana mitambo ngati ndiyo anabwerera. Uthman anamukoka mkono.

"Amake Esime, tiyeni tidzere kuseri kwa chigayo. Kulibe anthu."

"Kuseri adzere okuba," Sabiha anatero. "Ife tidutsa pakati, bambo a Esime. Gwirani phewa langa."

Anayenda pang'onopang'ono, mwamuna wosaona bwino ali pambuyo, mkazi mutu uli m'mwamba, akuyang'ana aliyense m'maso mmodzimmodzi. Palibe amene anapirira. Anthu aja anapatuka okha, uku ndi uku, mpaka ena kuponda m'matope.